Adatsata golide, adakathera kulamulira apusi

Choyamba kuoneka ndi nkhungu. Kenaka phiri loima njo ngati khoma, ndipo pakhomapo pali kamzere kooneka ngati nyerere zikutsika. Pamapita kanthawi maso asanazindikire kuti nyererezo ndi anthu: asilikali ovala zisoti ndi malaya achitsulo, akapolo omangidwa maunyolo, nkhumba, nkhuku, mzinga wolemera umene akulimbana nawo m'matope, ndi machira onyamulira akazi awiri ovala ngati akupita kuukwati. Kukumveka nyimbo yokhala ngati kwaya ikuimbira kutali, koma yopanda mawu.

Umu ndi mmene imayambira filimu ya Aguirre, der Zorn Gottes, kutanthauza kuti Aguirre, Mkwiyo wa Mulungu, imene pa Chingerezi imadziwika kuti Aguirre, the Wrath of God. Adaikonza ndi Werner Herzog wa ku Germany ndipo idatuluka mu December 1972, iye ali ndi zaka 30 zokha. Papita zaka zoposa 50 koma okonda mafilimu sadaleke kuikambirana. M'chaka cha 2005 magazini ya Time idaiika pamndandanda wa mafilimu 100 opambana, ndipo Roger Ebert, mtolankhani wa ku America amene adatchuka ndi kuunika mafilimu, adaiwerengera pa mafilimu 10 amene iye ankawaona kuti ndi apamwamba kuposa onse.

Koma munthu amene adakulira mafilimu a Rambo kapena a ku Nigeria m'nyumba zoonetsera kanema za pamsika akhoza kudzuka pakangotha mphindi 20 n'kukaitanitsa ndalama yake pakhomo. Mulibe ngwazi yopulumutsa anzake. Nkhondo yooneka ndi maso ndi yochepa, ndipo adani nthawi zambiri saoneka n'komwe. Kwa mphindi pafupifupi 95, chachikulu chimene chimachitika n'chakuti anthu akuyandama pamtsinje ndipo akutha mmodzimmodzi. Nanga ubwino wake uli pati?

Uli pa kamzere ka nyerere kaja. Mafilimu ambiri onena za anthu olanda maiko amawakuza anthuwo, ngakhale pamene akuwadzudzula: mahatchi akuthamanga, malupanga akung'anima, mtsogoleri ataima pamwamba dziko lonse lili pansi pa mapazi ake. Herzog adawatenga anthu amene mabuku a mbiri amawatcha ogonjetsa, n'kuwaika pamalo pamene akuoneka ang'onoang'ono, ndipo kuchokera pamenepo amangowachepetsabe mpaka filimu itatha.

Amuna 40 pamathandala

Nkhani imayamba pa tsiku la Khirisimasi m'chaka cha 1560. Gulu la asilikali a ku Spain, motsogozedwa ndi Gonzalo Pizarro, likutsika mapiri a Andes ku Peru kulowa m'nkhalango ya Amazon kukasaka El Dorado, dziko limene ankakhulupirira kuti golide amangotoledwa ngati miyala. Patangopita masiku ochepa chakudya chayamba kutha ndipo njira kulibe. Pizarro akusankha amuna 40 kuti atsogole pamtsinje kwa sabata imodzi. Akapanda kubwerera adzayesedwa otayika. Mtsogoleri wawo ndi Pedro de Ursúa, wachiwiri wake ndi Lope de Aguirre. Paulendowu palinso wansembe Gaspar de Carvajal, amene zolemba zake za tsiku ndi tsiku ndizo zikufotokoza nkhaniyi, mkulu wina wonenepa wochokera kubanja lolemekezeka dzina lake Fernando de Guzmán, Inés amene ndi wokondedwa wa Ursúa, ndi Flores, mwana wamkazi wa Aguirre.

Mabwato awo si mabwato enieni. Ndi mitengo yomangidwa pamodzi ngati thandala loyanikapo mbale, ndipo pamathandala amenewa akwezapo anthu, mfuti, mzinga ndi hatchi. Ulendo usanapite patali, limodzi likukodwa pamalo pamene madzi amazungulira m'mphepete mwa thanthwe. Anzawo afika kale kumtunda tsidya lina, akungoyang'ana. Thandala lija likuzungulira, likuzungulirabe, amuna akukuwa koma phokoso la madzi likuwameza mawu. Kamera siyandikira. Imakhala pamodzi ndi oonerera, patali, ndipo woonera filimu amamva kusowa chochita komweko. Usiku kukumveka mfuti. Kukacha, thandala likuzungulirabe pamalo omwe aja, koma amene ali pamwamba pake ndi mitembo.

Ursúa akufuna kuti mitemboyo itengedwe ikaikidwe mwaulemu. Aguirre sakutsutsa. Akungonong'oneza mnyamata wake Perucho kuti mzinga uja ukuoneka kuti wachita dzimbiri, ndipo posakhalitsa thandala ndi mitembo yake zaphulitsidwa. Apa mpamene woonera amadziwira kuti mwini ulendowu ndani. Usiku wina mtsinje ukudzaza n'kukokolola mathandala otsala. Ursúa akulamula kuti abwerere wapansi kwa Pizarro. Aguirre akukana, akukumbutsa anzake kuti Hernán Cortés adalanda Mexico chifukwa chosamvera lamulo loti abwerere. Mfuti ikulira, Ursúa wagwa ndi bala, ndipo ulendo wa sabata imodzi wasanduka ulendo wopanda pobwerera.

Ufumu wa papepala

Gawo lokoma kwambiri la filimuyi likuyambira apa, ndipo n'loseketsa kuposa mmene munthu angayembekezere. Aguirre sadzilonga yekha ufumu. Akukankhira patsogolo Guzmán, munthu wokonda mimba yake, ndipo asilikali akumusankha mokweza manja, aliyense akuyang'ana kumbali kuti aone ngati Aguirre akumuona. Akulemba chikalata chochotsa Philip II, mfumu ya Spain, pampando, n'kuchiwerenga mokweza pakati pa tchire, ngati kuti mfumuyo, imene ili kutsidya kwa nyanja yaikulu, ingamve n'kunjenjemera. Guzmán akudandaula kuti mpando umene amukhazikapo suoneka wachifumu. Aguirre akumuyankha kuti mpando wachifumu ndi thabwa chabe loyalapo nsalu yofewa.

Akhazikitsanso bwalo la milandu, wansembe uja ali woweruza, ndipo Ursúa akugamulidwa kuti aphedwe pamlandu woukira, chikhalirecho woukira weniweni waima pomwepo. Inés adali atapita kale kwa wansembeyo kukapempha thandizo, ndipo yankho lake lidali lakuti mpingo nthawi zonse umakhala kumbali ya amphamvu. Amanena zimenezi mofatsa, ngati munthu amene akufotokoza za nyengo.

Kenaka onse akwera thandala limodzi lalikulu, lokhala ndi kadenga ka udzu ndi kachimbudzi kumapeto. Mfumu Guzmán yakhala pamthunzi ndi pepala ndi nthenga yolembera. Ikuyang'ana kumanzere, ikuyang'ana kumanja, n'kulengeza kuti dziko lonse limene akudutsali ndi lake tsopano, ndipo ikuwerengera kuti ufumu wake waposa kale Spain kasanu ndi kamodzi. Koma kutsika kukaponda dziko lakelo siingathe, chifukwa m'mbali monse ndi madzi ndi mitengo, ndipo m'mitengomo muli anthu a mivi. Pamene mfumu ikudya nsomba ndi zipatso yokha, asilikali ake akugawana chimanga chowerenga maso.

Palibe pamene filimuyi imaima kuti iphunzitse. Imangoonetsa anthu anjala, ovala zitsulo zadzimbiri m'dziko lotentha, akusunga mwambo wonse wa boma, maudindo, zikalata, kusaina, pamene pansi pawo pali mitengo yomanga ndi zingwe ndipo mtsinje ukuwatengera kumene ukufuna. Aliyense amene adaonapo komiti ikukanganirana udindo wa wapampando pamene thumba lilibe ngakhale tambala adzazizindikira nkhope zimenezi.

Hatchi ndiyo imathetsa ufumu wa Guzmán. Ikuvutitsa pathandala, mfumu ikukwiya n'kulamula kuti aikankhire m'madzi. Hatchiyo ikusambira kufika kumtunda n'kuima m'mphepete mwa nkhalango, nsalu yake ikadali kumutu, ikuyang'ana anthu akupita. Kamera ikukhala nayo nthawi yaitali pamene thandala likutalikira, mpaka masamba ataibisa. Ambiri amene adaonera filimuyi amaikumbukira hatchi imeneyi kuposa anthu ena onse amene adafa. Posakhalitsa Guzmán akupezeka atafa pafupi ndi kachimbudzi kaja. Iye ndiye adakana kuti Ursúa aphedwe, choncho atangochoka, Ursúa akutengedwa pabwato laling'ono kupita naye kutchire kumene akukamupachika.

Imfa m'filimuyi imabwera mwakachetechete. M'mafilimu ena nyimbo imachenjeza kuti zoopsa zayandikira. Muno mbalame zimangosiya kulira. Bata limenelo limawaopsa asilikali mpaka kuyamba kuwombera m'mitengo mwachisawawa, ndipo nthawi zina Aguirre amalamula kapolo wina kuti aimbe chitoliro. Munthu amakhala akuyankhula, kamera n'kutembenukira kwina, pobwerera n'kupeza ali gone ndi kamuvi pakhosi. Eni nkhalango saonetsedwa akukonzekera nkhondo kapena akukambirana. Woonera amaona zokhazo zimene asilikali akuona, ndiye kuti masamba.

Nyimbo ya kwaya ija idapangidwa ndi gulu la ku Germany lotchedwa Popol Vuh, lotsogozedwa ndi Florian Fricke. Si kwaya yeniyeni; ndi chipangizo chokhala ngati limba chimene chimatulutsa mawu a anthu ojambulidwa kale. N'chifukwa chake imamveka ngati ya anthu koma yosapuma mpweya. Siikidwa kuti iwonjezere mantha kapena chisoni. Imakhala pamwamba pa zonse ngati mtambo, yosakhudzidwa ndi zimene zikuchitika pansi.

Mtsinje sudali wongoyerekeza

Mphamvu ina ya filimuyi ikuchokera pa mmene idajambulidwira. Herzog adalibe ndalama zambiri. Filimu yonse idadya pafupifupi 370,000 dollars za ku America, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu lidapita kwa Klaus Kinski, amene adasewera ngati Aguirre. Kamera idali imodzi, ndipo Herzog mwini wake amavomera kuti adachita kuitenga popanda chilolezo kusukulu ya mafilimu ku Munich. Nkhani yake akuti adailemba m'masiku awiri ndi theka, mbali ina ali m'basi ndi timu yake ya mpira, ndipo mnzake wina woledzera adasanzira masamba angapo amene adawataya pawindo.

Adajambula kwa masabata pafupifupi asanu ku Peru, kuyambira paphiri la Huayna Picchu pafupi ndi mabwinja otchuka a Machu Picchu, kenaka pamitsinje ya Urubamba, Huallaga ndi Nanay. Kompyuta zosinthira zithunzi kudalibe. Anthu amene akuoneka akutsetsereka paphiri adalidi paphiripo, ndipo amene akuoneka akugwiritsa mitengo pamadzi olusa adalidi pamadzipo, pamodzi ndi wojambula Thomas Mauch, amene kamera yake imagwedezeka ndi kunyowa madontho. Kusefukira kumene kudakokolola mathandala m'nkhani kuja kudachitikadi: mtsinje udadzaza usiku n'kutenga mathandala a ojambula, Herzog n'kungokulowetsa m'filimu. Zochitika zambiri adazijambula motsatana ndi mmene nkhani ikuyendera, choncho kutopa kumene kukuoneka pankhope za anthu kumapeto si kwa utoto wokha.

Pamalo oyambira paja padabuka mkangano umene ukuonetsa maganizo a Herzog. Malinga ndi iye, Kinski ankafuna kuti filimu iyambe ndi nkhope yake ikutsogolera gulu, kumbuyo kukuoneka kukongola konse kwa Machu Picchu. Herzog adakana. Sadafune chithunzi chokhala ngati cha pakalendala, ndipo mabwinjawo saoneka n'komwe m'filimuyi. Akadagonja pamenepo, nyerere zija sizikadakhalapo.

Chodabwitsa china ndi chilankhulo. Osewera adachokera m'maiko osiyanasiyana, choncho pojambula ankayankhula Chingerezi, kenaka mawu adalowetsedwa m'Chijeremani, ndipo mawu a Aguirre m'Chijeremanimo si a Kinski koma a munthu wina. Ndiye kuti anthu a ku Spain ali ku Peru akuyankhula Chijeremani, milomo n'kumasemphana pang'ono ndi mawu. Kwina chikadakhala chilema, koma muno chimangowonjezera kuti zonse zioneke ngati maloto a munthu wodwala malungo. Ndipo poti zoyankhula ndi zochepa, ngakhale wosatha kuwerenga msanga mawu a pansi pa kanema amaitsatira nkhani.

Ku Germany filimuyi siidayende bwino poyamba. Kudali ku Paris kumene idakhala ikuonetsedwa kwa miyezi 15, ndipo ku America idafika mu 1977. Francis Ford Coppola adavomera kuti idamuthandiza maganizo pokonza Apocalypse Now ya mu 1979, filimu inanso ya asilikali oyenda pamtsinje kulowera kumisala.

Kinski

Munthu akamva za mtsogoleri wamisala amayembekezera kukuwa ndi kuphwanya zinthu. Kinski mwini wake ankafuna kusewera choncho, ndipo kukuwa kudali khalidwe lake ngakhale kamera itazima. Herzog ankafuna Aguirre wofatsa, woopsa ngati njoka imene yadzipinda. Njira imene akuti ankagwiritsa ntchito idali yomuputa dala Kinski asanayambe kujambula, n'kumusiya akalipe mpaka mphamvu zithe, kenaka n'kuyatsa kamera. Chimene chidatsala ndicho chili m'filimu: maso osaphethira, mawu apansipansi, phewa limodzi lokwera, ndi kayendedwe kopendekeka ngati nkhanu. Nthawi zambiri salowa pachithunzi molunjika. Amachita kupotoloka kuchokera kumbali ya kamera, nkhope n'kungotulukira pafupi mwadzidzidzi.

Kwa nthawi yaitali Aguirre sachita zambiri. Amaima kumbali, akuyang'ana, ena akuyankhula. Koma aliyense pathandala amayankhula akudziwa kumene iye waima. Msilikali wina atamveka akunong'oneza mnzake zothawa, n'kumawerenga makhotakhota a mtsinje amene adutsa, Aguirre akutuma Perucho ndi chikwanje. Mutu ukugwa pansi n'kumaliza kutchula nambala yotsatira. Woonera sadziwa ngati aseke kapena atseke maso, ndipo filimuyi ili ndi malo angapo otere. Pena Aguirre yemweyo akuoneka atanyamula kanyama kakang'ono ka m'nkhalango m'manja, akuonetsa mwana wake Flores mwachikondi, akumuuza kuti kanyamaka kamagona moyo wake wonse.

Herzog adamudziwa Kinski ali mnyamata wa zaka 13, pamene banja lake linkakhala nyumba imodzi ya lendi ndi iye ku Munich. Ku Peru zinthu zidafika poipa. Usiku wina Kinski, atakwiya ndi phokoso la anthu amene ankasewera makadi m'kanyumba, adawombera mfuti kanyumbako n'kudula nsonga ya chala cha munthu mmodzi. Tsiku lina atanena kuti akuchoka filimu isanathe, Herzog adamuopseza kuti amuwombera kenaka adziwombere yekha. Ngakhale zidali choncho, awiriwa adapanganso mafilimu ena anayi, kuphatikizapo Fitzcarraldo ya mu 1982 ndi Cobra Verde ya mu 1987, imene mbali ina idajambulidwa ku Ghana. Kinski adamwalira mu 1991, ndipo mu 1999 Herzog adatulutsa filimu yofotokoza za ubale wawo wovutawu.

Nkhani zoterezi zakhala zikukambidwa ngati nthabwala za akatswiri, koma si zonse zoseketsa. Munthu amene adaduka chala adangopita kukagwira ganyu. Ndipo mu 2013 mwana wamkulu wa Kinski, Pola, adalemba buku mmene adaulula kuti bambo akewo ankamugwirira kuyambira ali wamng'ono. Kumapeto kwa filimu, Aguirre amalengeza kuti adzakwatira mwana wake yemwe kuti ayambitse mtundu wa mafumu wosasakanikirana ndi wina. Mu 1972 mawu amenewa ankamveka ngati chizindikiro chakuti munthuyu mutu wasokonekeratu. Wowamva lero, akudziwa zimene Pola adanena, amawamva mwina. Luso la Kinski m'filimuyi silikanika, koma silimuyeretsa.

Zimene zidachitikadi

Lope de Aguirre adalikodi, ndipo ankatsimphinadi chifukwa cha bala la kunkhondo. Ulendo wa Pedro de Ursúa udanyamuka mu 1560 ndi asilikali a ku Spain pafupifupi 300 ndi eni dziko mazanamazana owanyamulira katundu, kutsika mtsinje wa Marañón kulowa mu Amazon. Ursúa adaphedwa pa 1 January 1561. Guzmán adalongedwadi ufumu, ndipo patangopita miyezi yochepa naye adaphedwa. Mphekesera ya El Dorado nayo ili ndi gwero lake: mwambo wa anthu a mtundu wa Muisca, m'dziko limene lero ndi Colombia, wodzoza mfumu yawo fumbi la golide panyanja ya Guatavita.

Koma Herzog adasakaniza maulendo awiri. Gonzalo Pizarro adali ataphedwa kale mu 1548. Wansembe Carvajal adayendadi pa Amazon n'kulemba zimene adaona, koma udali ulendo wa Francisco de Orellana wa mu 1541 ndi 1542. Zolemba zimene zikuwerengedwa m'filimu ndi zopeka za Herzog. Ngakhale chochitika chimene mwini dziko wina akupatsidwa Baibulo, n'kuliika kukhutu, n'kunena kuti silikuyankhula, kenaka n'kuphedwa, chidabwerekedwa ku nkhani ya Atahualpa, mfumu ya a Inca, imene idagwidwa ku Cajamarca mu 1532.

Kusiyana kwakukulu kuli kumathero. Aguirre weniweni sadathere pamtsinje. Adafika kunyanja ya Atlantic, adalanda chilumba cha Margarita, adalowa m'dziko limene lero ndi Venezuela, ndipo adalembera Philip II kalata yomunyoza kuti ndi mfumu yosayamika. Anthu ake atamuthawa, adapha mwana wake wamkazi Elvira ndi manja ake, iye n'kuphedwa ku Barquisimeto pa 27 October 1561. Inés weniweni adaphedwa molamulidwa ndi Aguirre.

Mbiri yeniyeniyo ili ndi magazi ambiri kuposa filimu, ndipo wina akadaikonda choncho. Carlos Saura wa ku Spain adaijambula nkhani yomweyi mu 1988, m'filimu yotchedwa El Dorado, ndi ndalama zambiri ndiponso motsatira mbiri, koma siikumbukika ngati iyi. Herzog adaona kuti Aguirre akafika kunyanja n'kulanda chilumba ndiye kuti wapambanako kanthu. Adamutsekera pamtsinje. Inés naye adamupatsa mathero ena: pakati pa chipwirikiti, asilikali akuwotcha mudzi, iye wavala chovala chake chokongola koposa, akuyenda mowongoka kulowa m'nkhalango osacheuka, ndipo saonekanso. 

Wosewera ngati Ursúa, Ruy Guerra, adabadwira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, mu 1931. Adatchuka ngati wokonza mafilimu ku Brazil, ndipo Mozambique italandira ufulu adabwerera kukathandiza ntchito ya mafilimu, n'kujambula Mueda, Memória e Massacre, yonena za kuphedwa kwa anthu ku Mueda mu 1960. Dziko lake lobadwiralo lili ndi nkhani yofanana ndi ya Ursúa. Mu 1569 Francisco Barreto adanyamuka ku Lisbon ndi asilikali pafupifupi 1,000 kukalanda migodi ya golide ya Mwene Mutapa. Adakwera Zambezi kufika ku Sena, anthu ndi mahatchi adayamba kufa ndi matenda, iwo n'kunamizira amalonda achisilamu kuti awathira chiphe, n'kuwapha. Barreto adafera ku Sena komweko mu 1573, golide asanamuone.

Filimuyi ili ndi pamene imaperewera. Imanyoza olanda dziko, koma nkhani ikadali yawo. Eni dziko ambiri ndi onyamula katundu opanda maina kapena mithunzi ya m'masamba, ndipo mudzi umodzi umene asilikali akulowamo ukuonetsedwa ngati wa anthu odya anzawo, chithunzi chakalekale chimene azungu ankakonda kujambula. Amene amapatsidwa mpata woyankhula ndi Baltasar, womasulira, amene akufotokoza kuti kale adali mwana wa mfumu ndipo anthu sankaloledwa kumuyang'ana kumaso, koma tsopano ali muunyolo. Akuti amawamvera chisoni omugwirawo chifukwa akudziwa kuti m'nkhalangomu mulibe potulukira. Palinso Okello, kapolo wachikuda, amene asilikali amamuvula n'kumuthamangitsa patsogolo poganiza kuti khungu lake liopseza eni mudzi. Anthu awiriwa akadapatsidwa mphindi zina zisanu aliyense, filimu ikadalemera. Makolo adziwenso kuti si ya ana aang'ono. Muli imfa zoonekera ndi mitembo.

Komabe ndi Okello amene akupatsidwa mawu a chochitika chodabwitsa koposa. Njala ndi malungo zawagwira onse, thandala likungoyandama pamadzi odekha, ndipo pamwamba pa mtengo wautali pakuoneka chombo chathunthu, chamatanga, kabwato kakulendewera kumbuyo kwake. Wansembe akuti ndi maso chabe akunama. Aguirre akuti n'chenicheni, achitsitse apite nacho kunyanja. Okello, ali chigonere, akunena motsitsa kuti chimenecho si chombo, ndipo iyo si nkhalango. Muvi ukumubaya mwendo, iye osagwedezeka, akuti nawonso si muvi. Filimu siyankha kuti wolondola ndani. Chombocho chikuoneka bwinobwino kwa woonera ngati mmene chikuonekera kwa iwo.

Mivi yotsiriza ikugwa. Flores wabayidwa, akufa m'manja mwa bambo ake popanda kulira. Atsala ndi Aguirre yekha woimirira, pakati pa mitembo ndi mzinga wopanda woombera, ndipo thandala ladzaza ndi tiapusi tambirimbiri timene tikuthamanga paliponse. Iye akuyendayenda mopendekeka, akufotokoza mmene adzalandire Mexico ndi maiko ena onse m'manja mwa mfumu ya Spain. Akugwira kapusi kamodzi, akukayang'ana kumaso ngati nduna yake, n'kukaponya kumbali. Kamera, ili pabwato la injini, ikubwera mothamanga pamtsinje n'kuyamba kulizungulira thandalalo, monga madzi adazungulitsira loyamba lija.

Apusiwo ali ndi nkhani yawo. Herzog akuti adalipira anthu kuti amugwirire apusi 400, n'kuwapatsa theka la ndalama, koma iwo adakawagulitsanso kwa munthu wina wa ku America. Adawapeza ali pabwalo la ndege, atapakiridwa kale. Adadzitcha dokotala wa ziweto, n'kukalipa kuti nyamazo sizingatuluke m'dziko zisanabayidwe katemera. Ogwira ntchito pabwalopo adachita mantha n'kuzitsitsa. Iye adazikweza pagalimoto, adakajambula mathero a filimu yake, ndipo atamaliza adazimasulira m'nkhalango.